Mapazi a Mussolini ndi Hitler pa Dothi la Africa: Addis Ababa Mpaka Marsa Matruh

Lolemba usiku, Addis Ababa

Ndege inanyamuka ku Lilongwe itachedwa, moti pomatera pa bwalo la Bole n'kuti kunja kutada kale. Mzere wa ziphaso unali wautali, miyendo itatupa. Wa takisi anayamba ndi mtengo woumitsa pakamwa. Tinanenerera mpaka tinagwirizana pa theka lake, ndiye njira yonse n'kumandifunsa za mpira ngati sitinakanganepo. Mzindawu uli pamwamba kwambiri, mamita oposa 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo thupi limadziwa msanga. Masitepe ochepa chabe a kunyumba ya alendo, ine wefuwefu.

Ulendowu kwenikweni ndi wokaona mwana wa achemwali anga amene akuphunzira ku Al-Azhar ku Cairo. Koma poti njira ndi yodzera kuno, ndinati ndiime kaye. Ntchito yanga ndi yophunzitsa mbiri yakale kusekondale, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse timaiphunzitsa ndi mapu a ku Ulaya: Poland mu 1939, France mu 1940, Stalingrad, Normandy, Berlin. Chonsecho nkhondo yomweyo inapsereza dothi la Africa zaka zambiri, ndipo abale athu anaponda m'motomo. Ndikufuna ndikaone malowo ndi maso.

Lachiwiri, Sidist Kilo

Minibasi za kuno n'zabuluu ndi zoyera. Kondakitala amatulutsa mutu pawindo n'kumakuwa maina a malo mwaliwiro loti mlendo sangatolepo kanthu. Ndinaima pamsewu kwa kanthawi ndithu mpaka mayi wina wonyamula thumba la anyezi anandifunsa ndi manja kumene ndikupita. Nditati Sidist Kilo anandikoka dzanja, n'kundilowetsa m'minibasi yoyenera, n'kuletsa kondakitala kundiwonjezera mtengo. Ndinalipira ma birr 20. Iye anatsika patsogolo osacheuka n'komwe.

Pakati pa njira yozungulira pa Sidist Kilo pali chipilala chachitali choyera, chimene amachitcha Yekatit 12. Kuti uchifike uyenera kudutsa pakati pa magalimoto osaima, ndipo mtima unali thithithi. M'munsi mwake muli zosema zachitsulo: anthu akukokedwa, mayi atagwira mwana wakufa, nyumba zikuyaka.

Nkhani yake ndi iyi. Italy anagonja kwa Aitiyopiya pa Adwa mu 1896, ndipo manyazi amenewo sanawaiwale. Benito Mussolini, amene anatenga boma mu 1922 n'kuthetsa zipani zina zonse, analonjeza anthu ake ufumu waukulu. Pa 3 Okutobala 1935 asilikali ake analowa m'dziko lino. Ndege zawo zinkawaza utsi wapoizoni pa asilikali, pa midzi, pa mitsinje. Pa 5 Meyi 1936 anatenga Addis Ababa. Mfumu Haile Selassie anapita ku Geneva mu Juni chaka chomwecho kukadandaula ku League of Nations, bungwe la maiko la nthawi imeneyo, koma maiko akuluakulu anangogwedeza mitu, ndipo posakhalitsa anachotsa ngakhale zilango zochepa zimene anaikira Italy. Hitler anali kuonerera. Anaphunzirapo kuti wamphamvu akhoza kulanda dziko la mnzake popanda womugwira dzanja.

Pa 19 Febuluwale 1937, tsiku limene pa kalendala ya kuno ndi Yekatit 12, anyamata awiri, Abraha Deboch ndi Moges Asgedom, anaponya mabomba a m'manja pa mwambo umene panali Rodolfo Graziani, bwanamkubwa wa Mussolini. Graziani anavulala koma sanafe. Chotsatira chake, kwa masiku atatu Ataliyana anapha aliyense amene anamupeza, ndi mfuti, mafosholo, zibonga, ena kuwatenthera m'nyumba. Aitiyopiya amati anafa anthu 30,000. Olemba mbiri ena amati pafupifupi 19,000. Mu Meyi chaka chomwecho anakaphanso amonke ku Debre Libanos.

Mabombawo anaponyedwa pa nyumba yachifumu imene lero ili m'kati mwa Addis Ababa University, chapafupi pomwepa. Mlonda wa pageti anayang'ana pasipoti yanga n'kundilola. Kutsogolo kwa nyumbayo kuli masitepe a simenti ozungulira okwera m'mwamba osapita kulikonse. Anawamanga Ataliyana, sitepe iliyonse kuimira chaka chimodzi cha ulamuliro wa Mussolini. Atachoka, eni dziko sanawagumule. Anangoika pamwamba penipeni kachifaniziro ka mkango wa Yuda. Ophunzira anali atakhala m'munsi mwake akudya mtedza ndi kuwerenga pa foni.

Masana ndadya injera ndi shiro, ndiwo ya nyemba zosinja, pa ma birr 150. Injera ndi yowawasa, ndipo mimba yanga ikuikanabe.

Lachitatu, Arat Kilo

Lero mvula yowaza ndi mutu wopweteka. Ndangoyenda pang'ono kukaona chipilala china cha pa Arat Kilo, chokumbukira 5 Meyi 1941, tsiku limene Haile Selassie analowanso mumzinda, zaka zisanu ndendende kuchokera pamene unalandidwa.

Apa ndi pamene nkhani yathu imalowera. Mussolini analowa nkhondo kumbali ya Hitler pa 10 Juni 1940, ataona kuti France yatsala pang'ono kugwa. Mwezi wotsatira Ataliyana anaukira Moyale kumalire a Kenya, ndipo amene anali kuteteza kalinga kakang'ono kumeneko anali asilikali a Keyala a ku Nyasaland. Mu Ogasiti, ku Tug Argan ku British Somaliland, kunalinso anyamata a ku Nyasaland pamodzi ndi a ku Northern Rhodesia, akulimbana ndi gulu lowaposa kutali. Kumeneko anagonja n'kubwerera. Koma mu Febuluwale 1941 zinthu zinatembenuka. Gulu la mkulu wa asilikali a Britain Alan Cunningham, momwe munali asilikali a kum'mawa kwa Africa, a ku Nigeria, a ku Gold Coast ndi a ku South Africa, linanyamuka ku Kenya, n'kutenga Kismayo, Mogadishu, Harar, mpaka kulowa mu Addis Ababa pa 6 Epulo. Anayenda makilomita oposa 2,500 m'miyezi iwiri yokha. Kumpoto, ku Keren ku Eritrea, asilikali a ku India ndi ku Britain anamenya nkhondo yoopsa ya m'mapiri mpaka kumapeto kwa Malichi. Duke wa ku Aosta, mtsogoleri wa Ataliyana, anagonja pa phiri la Amba Alagi mu Meyi, ndipo omaliza anakweza manja ku Gondar pa 27 Novembala 1941. Nthawi yonseyi Aitiyopiya eni ake, amene amawatcha Arbegnoch, anali asanasiye kumenya nkhondo m'mapiri chiyambire 1936. Ili linali dziko loyamba kumasuka m'manja mwa olamulira ankhanza aja, pamene ku Ulaya Hitler anali akupambanabe paliponse.

Achimwene awo a agogo anga aakazi anali mmodzi wa anthu pafupifupi 30,000 a ku Nyasaland amene analowa usilikali pa nkhondoyi. Ine ndinawapeza atakalamba. Ankatchula Abyssinia, dzina lakale la Ethiopia, ndi Burma, koma sankalongosola zambiri. Chimene ndimakumbukira bwino ndi chijasi chawo chokhuthala chimene ankafunda pamaliro, ndiponso kuti sankafuna mwana aloze mnzake ndi ndodo ngati mfuti, ngakhale posewera.

Ndinkalakalaka kukafika ku Gondar, koma mwini nyumba ya alendo wandiuza mosapsatira kuti njira ya kumeneko masiku ano si yabwino. Ndamvera. Mantha ndili nawo, ndipo kunyumba kuli ana.

Madzulo ndinabisala mvula pa kakhonde pamene mtsikana amakazinga khofi pa mbaula, lubani akufuka pambali. Bambo wina wachikulire wovala chipewa anandifunsa kwathu. Nditati Malawi, ndi kuwauza za agogo aja, anangoti duu, kenaka anati bambo awo nawonso anali m'mapiri nthawi imeneyo. Potuluka ndinapeza atalipira kale khofi wanga.

Lachisanu, Cairo

"Amalume, mwafika!" Mnyamata wakula, ndevu zatuluka. Chinthu choyamba kufunsa chinali thumba. Ndinanyamula ufa woyera ndi usipa, ndipo usiku womwewo m'kachipinda kawo munadzaza ophunzira a ku Mangochi, Machinga, Nkhotakota. Nsima inaphikidwa mumphika waukulu, aliyense akudya mwakachetechete.

Cairo ndi phokoso losatha. Kuwoloka msewu ndimachita kugwira malaya a mnyamatayu. Sitima ya pansi pa nthaka ndi yotchipa, tinalipira mapaundi 10 a kuno, ndipo mbale ya koshari, mpunga wosakaniza ndi makaroni, mphodza ndi anyezi wokazinga, tagula pa mapaundi 50 n'kukhuta mpaka madzulo.

Tinadutsa pa nyumba yachifumu ya Abdeen. Pa 4 Febuluwale 1942 Angerezi anaizinga ndi akasinja n'kuumiriza Mfumu Farouk kusankha nduna yaikulu imene iwo ankafuna. Egypt pa pepala anali dziko lodzilamulira, ndipo sanali pa nkhondo ndi aliyense, koma nkhondo inamenyedwa pabwalo pake. Chimene aliyense ankafuna ndi ngalande ya Suez, njira ya zombo za Britain yopita ku India, ndi mafuta a kuseri kwake.

Dzina limene ndinalisiya ku Sidist Kilo ndalipezanso kuno. Graziani yemwe uja ndiye anatsogolera Ataliyana kuchokera ku Libya kulowa mu Egypt mu Seputembala 1940. Anafika pa Sidi Barrani n'kuima. Mu Disembala Angerezi anam'bwezera, ndipo pofika Febuluwale 1941 anali atagwira akaidi pafupifupi 130,000. Hitler, pofuna kupulumutsa mnzake Mussolini, anatumiza Erwin Rommel ndi asilikali a Germany. Kuyambira pamenepo nkhondo inkangopita uku ndi uku m'mphepete mwa nyanja, mpaka pa 21 Juni 1942 pamene doko la Tobruk ku Libya linagwa, asilikali oposa 30,000 n'kugwidwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a iwo a ku South Africa. Pa 1 Julayi maofesi a Angerezi muno mu Cairo anatentha mapepala achinsinsi, phulusa n'kumagwa m'misewu. Mussolini anali atawolokera kale ku Libya kudikira tsiku lolowa mumzinda uno ngati mgonjetsi. Anadikira milungu itatu n'kubwerera kwawo.

Loweruka, Alexandria

Pa siteshoni ya Ramses mlendo amagula tikiti pa windo lakelake ndipo mtengo wake ndi wokwera kangapo kuposa wa eni dziko. Zinandipweteka, koma sitima inali yabwino. Maola atatu tikudutsa m'minda yobiriwira ya m'mathiriro a Nile: kabichi, chimanga, njati zoweta, nyumba za njerwa zosamaliza. Mayi wa mpando woyandikana nafe anatigawira buledi wopyapyala ndi tchizi chamchere.

Alexandria ndi wamphepo ya m'nyanja ndi fungo la nsomba. M'doko lake, usiku wa mu Disembala 1941, Ataliyana asanu ndi mmodzi analowa pansi pa madzi atakwera mabomba oyenda okha n'kuphulitsa zombo ziwiri zazikulu za Britain, Queen Elizabeth ndi Valiant. Dokolo silioneka bwino, n'lotchingidwa ndi mipanda. Tadya nsomba yootcha n'kukagona msanga. Mabondo akuwawa.

Lamlungu, El Alamein

Tinalawirira ku depoti ya Moharam Bek. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndiye tinakhala ola lathunthu tikumwa tiyi wa shuga wambiri m'timatambula tagalasi. Mtengo mapaundi 70 munthu mmodzi. Dalaivala ankathamanga moti ndinatseka maso kangapo. Njira yonse ya makilomita oposa 100, kudzanja lamanja kuli mipanda ya nyumba za tchuthi za anthu olemera, zotchinga nyanja. Kumanzere, mchenga wotuwa, mitengo ya nkhuyu yaifupi, ndi ana ogulitsa nkhuyuzo m'madengu.

Anatitsitsa pamsewu, dzuwa lili pamutu. Kasiteshoni ka sitima kamene kanapatsa dzina nkhondo yonseyi ndi kanyumba kakang'ono kosiyidwa, kopanda chilichonse chokopa maso. Chimene chinachititsa kuti magulu awiri akumane pano ndi mmene dziko lilili. Kumpoto kuli nyanja. Kum'mwera kuli chigwa cha Qattara, chamchere ndi mchenga wotitimira, chimene akasinja sangadutsemo. Pakati pake pali makilomita ngati 60 okha, mtunda wonga wa kuchokera ku Blantyre kukafika ku Zomba. Kwina konse m'chipululu Rommel ankapambana pozungulira adani ake chakum'mwera. Pano panalibe kozungulira.

Mu Julayi 1942 Claude Auchinleck, mkulu wa asilikali a Britain, anamuimitsa pano. Kumapeto kwa Ogasiti Rommel anayesanso pa Alam Halfa, nalephera. Apa n'kuti Churchill, nduna yaikulu ya Britain, ataika Bernard Montgomery kutsogolera gulu la Angerezi. Montgomery sanapupulume. Anadikira mpaka atakhala ndi asilikali pafupifupi 195,000 ndi akasinja oposa 1,000, pamene mbali ya Germany ndi Italy inali ndi asilikali ngati 116,000 ndi akasinja osafika 600. Vuto lalikulu la Rommel linali mafuta. Doko la Tripoli linali pa mtunda wa makilomita oposa 2,000 kumbuyo kwake, malole ankamwa mafuta ambiri pongowabweretsa, ndipo zombo zambiri zinkamizidwa panyanja chifukwa Angerezi ankawerenga mauthenga achinsinsi a Ajeremani. Posowa mphamvu yoyenda, anakwirira mabomba pansi, pafupifupi theka la miliyoni, n'kudikira.

Usiku wa pa 23 Okutobala, mwezi uli mbee, nthawi ili 9:40, mizinga pafupifupi 900 inalira pamodzi. Kutsogolo kunkayenda anyamata ofufuza mabomba, ena ndi makina, ena ndi mipeni ya kumfuti akubaya mchenga pang'onopang'ono, n'kumayala tepi yoyera posonyeza kanjira koti akasinja adutsemo. Rommel anali kwawo akudwala. Womugwirira ntchito, Georg Stumme, anafa ndi mtima tsiku lotsatira, ndipo Rommel anabwerera pa 25. Kwa masiku khumi kunali kuphana kwa pafupi, a ku Australia akuluma kumpoto kufupi ndi njanji. Pa 2 Novembala gulu lina la akasinja a Britain linathamangira mizinga ya Ajeremani pa Tel el Aqqaqir n'kutaya akasinja oposa 70 mwa 94 m'mawa umodzi. Pa 3 Novembala Hitler analamula kuti asabwerere m'mbuyo, apambane kapena afe. Umu ndi mmene wolamulira wankhanza amaonera anthu ake: ali kutali, pamapu, akulamula ana a eni kufera mchenga. Pa 4 Rommel anabwerera basi. Magalimoto anali ochepa, ndipo Ataliyana ambiri oyenda pansi anasiyidwa m'chipululu opanda madzi.

Manda a mbali ya Britain ali pamalo otsetsereka. Mulibe kapinga, ndi mchenga wosesedwa bwino, timaluwa tofiira apa ndi apo. Muli manda oposa 7,000, ndipo pakhoma la khonde lolowera palembedwa maina pafupifupi 12,000 a amene mitembo yawo sinapezeke. Ndinayenda mzere ndi mzere. Zaka 19, 21, 22, 20. A ku Scotland, New Zealand, India, Australia. Wosamalira manda, bambo wa nkhope yopsa ndi dzuwa, anandiona ndikuwerenga mwala uliwonse. Anasiya payipi yake ya madzi n'kundikodola, n'kunditengera pamene pali miyala ya anthu akuda a ku South Africa. Analoza mwalawo, n'kuloza ine, n'kugwira pachifuwa pake. Sitinamvane chilankhulo, ndipo sipanafunike.

Anthu akuda a ku South Africa boma lawo silinkawalola kugwira mfuti. Ankayendetsa malole, kuphika, kukumba, kunyamula ovulala. Mmodzi wa iwo, Lucas Majozi, usiku woyamba uja anavulazidwa ndi zidutswa za mabomba koma anapitiriza kunyamula anzake pa machira mpaka anakomoka. Analandira mendulo ya Distinguished Conduct Medal. Wina, Job Maseko, anagwidwa ku Tobruk n'kumagwiritsidwa ntchito yotsitsa katundu padoko. Anapanga bomba m'kachitini n'kulibisa m'chombo cha Ajeremani, chombocho n'kumira. Anamwalira mu 1952 ali mmphawi. Analiponso Abasotho ndi Atswana ambiri kuno, onyamula zipolopolo za mizinga ndi kukonza misewu. Popanda mapewa amenewa mizinga 900 ija sikanalira.

Mnyamata wanga anandipeza nditakhala pansi pakhonde. "Amalume, imwani madzi." Ndinali nditatopa kwambiri, ndipo si dzuwa lokha.

Madzulo wa galimoto wina anatitenga kupita chakumadzulo. Manda a Ajeremani ndi chinyumba chamiyala chambali zisanu ndi zitatu pa kaphiri koyang'ana kunyanja, m'kati muli mafupa a anthu oposa 4,000. Munalibe munthu wina aliyense, mapazi athu okha kumveka. A Ataliyana ndi nsanja yoyera, makoma ake odzaza timabokosi ta mwala, tambiri tolembedwa liwu limodzi lotanthauza wosadziwika. Msilikali wina amene anamenya nawo nkhondoyi, Paolo Caccia Dominioni, anabwerera n'kukhala zaka zoposa khumi akutola mafupa m'chipululu, a mbali zonse. Chapambali pali kamzikiti ndi manda a asilikali a ku Libya amene anafera mbendera ya Italy. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Mwafirika kumbali iyi, Mwafirika kumbali iyo, aliyense atavala yunifolomu ya amene analanda dziko lake.

M'mbali mwa msewu muli mwala wosonyeza pamene Ataliyana anafika pa 1 Julayi 1942, makilomita 111 kuchokera ku Alexandria. Mawu ake akuti chinasowa ndi mwayi, osati kulimba mtima. Kulimba mtima sindikutsutsa. Koma mwalawo sunena chimene ankadzafuna m'dziko la eni.

Lolemba, El Alamein

Tagona m'kachipinda kotchipa kuseri kwa malo ogulitsira mafuta. Udzudzu usiku wonse. M'mawa nyemba za ful ndi buledi, mapaundi 30.

Kum'mwera kwa msewu, kumene chipululu chimayambira, tinakhala pa kashopu ka tiyi ka bambo wina wa fuko la Awlad Ali. Mnyamata wanga ndiye ankamasulira. Pokhala pansi bamboyo anakweza mkanjo n'kuwongola mwendo ndi manja, ndipo ndinaona kuti ndi wapulasitiki, womangidwa ndi lamba pabondo, nsapato yake yofanana ndi ya mwendo winawo koma yosatha chidendene. Anati anaponda bomba ali mnyamata akuweta nkhosa za bambo ake. Anabadwa nkhondo itatha kalekale. Anati mvula ikagwa yamphamvu kapena mphepo ikasuntha mchenga, mabomba amasamuka, moti malo amene unadutsa chaka chatha chaka chino akhoza kukupha.

Boma la Egypt lakhala likunena kuti m'dera lino munatsala mabomba okwirira ndi zipolopolo zosaphulika zokwana mamiliyoni 17. Ntchito yochotsa ikuchitika, ndipo pamalo ena oyeretsedwa pamera mzinda watsopano wa New Alamein, nsanja zake zagalasi zikuoneka uli pakashopu pomwepa. Koma amene anakwirira anapita kwawo mu 1942 ndi 1943. Chaka ndi chaka mu Okutobala akazembe awo amabwera kudzaika nkhata zamaluwa pamanda aja. Abusa a nkhosa amene aphedwa kapena kudulidwa miyendo kuchokera nthawi imeneyo alibe khoma la maina.

Ndinafuna kupita kuseri kukadzithandiza. Bamboyo anakuwa, n'kundilozera kanjira kopondedwa ndi mbuzi. Ndinayenda ndikuponda m'mapazi a mbuzi, thukuta lili kamukamu. Tiyi anakana kulandira ndalama.

Lachiwiri, Marsa Matruh

Basi yaikulu, maola awiri ndi theka, msewu wowongoka ngati womwe Rommel anathawira. Pa malo ofufuzira apolisi anatenga pasipoti yanga n'kupita nayo m'kanyumba. Mphindi zimenezo zinatalika, basi yonse ikudikira ine. Anaibweza akumwetulira.

Nyanja ya kuno ndi yobiriwira mowala, yoti sindinaionepo. Nyengo ya tchuthi yatha, mahotela ambiri atseka, ndiye chipinda tapeza motchipa. Kumapeto kwa gombe kuli phanga limene Rommel ankagwiritsa ntchito ngati likulu lake, ndipo analisandutsa nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ndi kanjira kokhota m'thanthwe, kozizira, muli mapu, zida, ndi chijasi chake m'galasi. Anyamata ena ankajambulitsa pambali pake.

Sindinakhalitsemo. Anthu ambiri amakonda kunena kuti nkhondo ya m'chipululu inali yaulemu, ya asilikali okhaokha, yopanda nkhanza za ku Poland ndi ku Russia. Amene amatero sawerengera eni dziko. Ku Libya, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, Graziani anatsekera anthu a ku Cyrenaica, chigawo cha kum'mawa kwa dzikolo, m'misasa ya waya momwe anafa miyandamiyanda, ndipo mtsogoleri wawo Omar Mukhtar ananyongedwa mu Seputembala 1931. Mu 1942 Ayuda a ku Libya anatengedwa kupita ku msasa wa Giado, kumene mazana anafa ndi njala ndi matenda. Rommel akanafika ku Suez, akanafikitsako ulamuliro wa Hitler ndi zonse zimene unkachita.

Zitatha za El Alamein zinthu zinayenda mofulumira. Pa 8 Novembala 1942 Amereka ndi Angerezi anatera ku Morocco ndi ku Algeria. Ku Britain mabelu a matchalitchi analira pa 15 Novembala. Ku Stalingrad, kumene kunafa anthu ochuluka kuposa kuno kutalitali, gulu la Ajeremani linazingidwa mwezi womwewo n'kugonja pa 2 Febuluwale 1943. Pa 13 Meyi 1943 otsala a Germany ndi Italy mu Africa anakweza manja ku Tunisia, anthu pafupifupi 250,000. Mu Julayi nkhondo inawolokera ku Sicily, ndipo pa 25 mwezi womwewo Mussolini anachotsedwa pampando ndi anthu ake omwe. Anaphedwa pa 28 Epulo 1945, Hitler n'kudzipha patapita masiku awiri. Anyamata athu a Keyala iwo sanapume. Anatumizidwa ku Madagascar mu 1942, kenaka ku Burma mu 1944, m'chigwa cha Kabaw, kukalimbana ndi Japan m'matope ndi malungo.

Nanga Graziani? Ethiopia anapempha kuti aweruzidwe pa zimene anachita, koma sizinatheke. Khoti la ku Italy linamugamula zaka 19 chifukwa chogwirizana ndi Ajeremani, osati chifukwa cha Addis Ababa kapena Cyrenaica, ndipo anatuluka patangopita miyezi yochepa. Anamwalira ali mfulu mu 1955. Mu 2012 tauni ya Affile ku Italy inamumangira chikumbutso ndi ndalama za boma. Ndamufotokozera mnyamata wanga zimenezi tikudya nsomba pagombe, ndipo anasiya kudya n'kundifunsa kawiri ngati ndikunena zoona.

Mawa basi ya ku Cairo inyamuka 7 koloko m'mawa, maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Mnyamatayu ali ndi mayeso Lachinayi, ndipo mabuku sanawagwire chichokereni. Tagula nkhuyu zouma ndi zipatso za kanjedza za ku Siwa zokapatsa anzake aja.